Ndalama za nyengo nazo zimasankha khungu

Tonse timazidziwa galimoto zoyera zolembedwa maina a mabungwe m'zitseko. Zimadutsa pamsika zikuutsa fumbi, kulowera kumidzi kukagawa mbande za mitengo, mbaula zosatha nkhuni kapena mbewu zopirira ku ng'amba. Chikwangwani chikazikidwa pamphambano, timawerenga kuti polojekitiyo ndi yolimbana ndi kusintha kwa nyengo. Koma ndi angati mwa ife adafunsapo komwe ndalama zake zimachokera, kapena yemwe adagamula kuti zipite kwa uje osati kwa uje?

Zina mwa ndalamazi zimachokera ku maboma a maiko olemera. Zina zimachokera kwa anthu ndi mabanja achuma, makamaka a ku America ndi ku Ulaya, omwe amakhazikitsa mabungwe achifundo, aja pa Chingerezi amati foundation. Lero tikambe za gulu lachiwirili, chifukwa kumeneko kuli mkangano womwe ukutikhudza ngakhale ukuchitikira kutali. Mkanganowo ndi wakuti anthu akuda ndi ena omwe si azungu ndiwo amayamba kulawa ukali wa nyengo ndi utsi wa mafakitale, koma ndalama zachifundo zolimbana ndi mavutowa zimathera m'manja mwa mabungwe akuluakulu otsogozedwa ndi azungu.

Maganizo anga ndi akuti aliyense wogwira ntchito m'mabungwe achifundowa nkumati akumenyera kuti mitundu ifanane, kaya ndi wakuda kaya ndi mzungu, tisamuyamikire kaamba ka mawu okoma a m'misonkhano. Timufunse kuti ndalama zomwe zasintha njira ndi zingati, zapita kwa yani, ndipo adagamula ndani.

Ntchito yogawa chuma cha eni

Kuti timvane, tiyambe ndi mmene mabungwewa amagwirira ntchito. Banja lolemera, monga la Ford kapena la Rockefeller, limapatula chuma nkuchiika m'thumba lapadera. Chumacho sachigawa chonse nthawi imodzi ayi. Amachiika m'makampani ndi m'misika ya masheya kuti chiziswana, ndipo lamulo la ku America limafuna kuti chaka chilichonse bungwe lotere lizitulutsa pafupifupi 5 pa 100 ya chuma chake pa ntchito zachifundo. Chotsalacho chimapitiriza kubala phindu.

M'maofesi mwake muli anthu olembedwa ntchito yowerenga makalata opempha thandizo, aja timati mapulopozo, kuyendera opemphawo ndi kulangiza bodi kuti awa apatsidwe, awa ayi. Anthu amenewa palibe amawavotera. Phungu akatikhumudwitsa timamudikira pa chisankho, koma wogawa ndalama zachifundo palibe angamuchotse kupatula bodi yake. Nchifukwa chake nkhani yoti m'maofesimo ndi m'mabodimo mwakhala ndani si yaing'ono.

Thumba lakenso si lalikulu monga tingaganizire. Bungwe la ClimateWorks, lomwe limalondola ndalamazi chaka ndi chaka, lakhala likupeza kuti pa ndalama zonse zachifundo zoperekedwa padziko lapansi, zopita ku ntchito yochepetsa mpweya wotenthetsa dziko sizifika ndi 2 pa 100 pomwe. Ndiwo zikachepa m'pamene kukondera kwa wogawa kumaonekera.

Manambala akuti chiyani?

Mu 2020 akatswiri a pasukulu ya ukachenjede ya The New School ku New York adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa zigawo ziwiri za America, chapakati ndi cha kugombe la kummwera. Adapeza kuti mwa madola 1.34 biliyoni omwe mabungwe achifundo 12 akuluakulu adapereka pa za chilengedwe m'zaka za 2016 ndi 2017, zomwe zidafika ku magulu omenyera chilungamo m'madera okhudzidwa ndi 1.3 pa 100 yokha. Tikati tiyerekeze ndi ndalama zathu, ndiye kuti pa K1,000 iliyonse, K13 yokha ndiyo idafika kwa anthu okhala pafupi ndi mafakitale ndi mitaya ya zinyalala.

Chaka chomwecho Jeff Bezos, yemwe adayambitsa kampani ya Amazon, adalonjeza madola 10 biliyoni olimbana ndi kusintha kwa nyengo. Mu Novembala adagawa gawo loyamba, madola 791 miliyoni, ku mabungwe 16. Mabungwe asanu akuluakulu, olemera kale, monga WWF ndi The Nature Conservancy, adalandira madola 100 miliyoni lililonse. Magulu oyang'ana za chilungamo pakati pa mitundu adagawana pafupifupi madola 150 miliyoni. Si ndalama zochepa, ndipo ndi zambiri poyerekeza ndi zomwe maguluwa adazolowera, komabe nthuli yaikulu idagwera m'mbale zomwe zidali zodzaza kale.

Nanga ogwira ntchito? Mu 2014 Pulofesa Dorceta Taylor adafufuza mabungwe a za chilengedwe, nthambi za boma ndi mabungwe achifundo ku America. Adapeza kuti anthu omwe si azungu sadapyole 16 pa 100 mwa ogwira ntchito ndi a m'mabodi, chikhalirecho panthawiyo adali pafupifupi 38 pa 100 mwa anthu onse m'dzikomo.

Chifukwa chiyani khungu?

Wina afunsa kuti, kodi mphepo ndi madzi osefukira zimaona khungu la munthu? Siziona. Koma zimamupeza munthu pamalo pomwe mbiri ya dziko lake idamukhazika, ndipo ku America mbiriyo ndi ya ukapolo ndi tsankho.

Boma la chigawo cha North Carolina lidasankha dera la Warren County, komwe anthu ambiri adali akuda ndi osauka, kuti likatayeko dothi losakanikirana ndi mankhwala oopsa otchedwa PCB. Mu 1982 anthu adagona pamsewu kutchingira malole, ndipo oposa 500 adamangidwa. Dothilo lidatayidwabe, koma mkwiyo wawo udadzutsa ena. Mu 1987 mpingo wa United Church of Christ udatulutsa lipoti losonyeza kuti pofuna kudziwa komwe kuli mtaya wa zinyalala zoopsa ku America, mtundu wa anthu okhala m'deralo umaulula zambiri kuposa kulemera kapena kusauka kwawo.

Mu Ogasiti 2005 namondwe wa Katrina adagumula zipupa zotchinga madzi mumzinda wa New Orleans, ndipo magawo pafupifupi 8 mwa 10 a mzindawo adamira. Namondweyo adapha anthu oposa 1,300. Omwe adali ndi galimoto ndi ndalama za malo ogona adathawiratu. Omwe dziko lidawaona pa kanema ali padenga kupempha thandizo, ambiri adali akuda.

Kuchokera mumzinda womwewo kukwera ndi mtsinje wa Mississippi mpaka ku Baton Rouge, mtunda wa makilomita pafupifupi 140, kuli mafakitale oposa 150 a mafuta, mankhwala ndi mapulasitiki. Ambiri adamangidwa pomwe kale padali minda ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo, ndipo oyandikana nawo ambiri ndi zidzukulu za akapolowo. Deralo adalitcha Cancer Alley kaamba ka nthenda ya khansa. Kumeneko mayi wina yemwe adali mphunzitsi, Sharon Lavigne, adayambitsa gulu la RISE St. James mu 2018. Mu 2019 kampani ya ku China ya Wanhua idasiya mapulani omanga fakitale ya madola 1.25 biliyoni m'deralo, gululi litalimbana nayo. Dziwani kuti chumuni chomwe chimadwalitsa mwana wa ku St. James ndi chomwecho chimatulutsa mpweya wotenthetsa dziko lonse. Mayiyu poteteza mudzi wake adatetezanso nyengo.

Nthawi yonseyi mabungwe akuluakulu a za chilengedwe adali otanganidwa ndi nkhalango, mbalame ndi nyama zakutchire. Mu 1990 atsogoleri a magulu a anthu omwe si azungu adalembera makalata mabungwe 10 akuluakulu, kuwadzudzula kuti salemba ntchito anthu a mitundu ina ndiponso salabadira madera awo. Padapita zaka 30, mpaka mu 2020 George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis, kuti bungwe lakale la Sierra Club livomere poyera kuti yemwe adaliyambitsa, John Muir, adalankhulapo zonyoza anthu akuda ndi eni nthaka a dzikolo.

Tsankho lobisala m'malamulo

Masiku ano palibe wogawa ndalama angaime pagulu nkunena kuti sapatsa anthu akuda. Tsankho lake limabisala m'malamulo ooneka abwinobwino. Amene adapitako ku banki kukapempha ngongole ya bizinesi akudziwa zomwe ndikunena. Amakufunsa chikole, mabuku a zaka zingapo ndi mboni yodziwika. Wa golosale yaikulu amatuluka ndi ngongole, mayi wogulitsa tomato nkubwerera chimanjamanja, ngakhale iyeyo sadaphonyepo kubweza ku banki mkhonde.

Kwa ogawa ndalama zachifundo nchimodzimodzi. Kuti ulandire madola miliyoni, uyambe waonetsa kuti udayendetsapo madola miliyoni. Ukhale ndi mabuku ounikidwa ndi akatswiri owerengera chuma, mlembi wa mapulopozo wodziwa Chingerezi cha m'maofesi, komanso wina wokudziwa mkatimo, pakuti mabungwe ambiri salandira pempho kwa munthu yemwe sadamuitane. Odziwana nawowo ndi omwe adaphunzira nawo sukulu imodzi ndi omwe amakumana nawo m'misonkhano. Kwa wogawa, nkosavutanso kulemba cheke chimodzi cha madola 10 miliyoni kusiyana ndi macheke 100 a madola 100,000.

Gulu laling'ono likapata mwayi, limapatsidwa ndalama za chaka chimodzi, zomangiriridwa ku ntchito imodzi, zosaloledwa kulipirira lendi, malipiro okwanira kapena wowerengera chuma. Chaka chikatha, omwewo amati gululi lilibe luso losunga mabuku. Mwana wamumana chakudya wekha, mawa ukumunena kuti ngwowonda. Kafukufuku wa mabungwe a Echoing Green ndi Bridgespan wa mu 2020 adaonetsa zomwezi: mwa mabungwe atsopano omwe adawaunika, otsogozedwa ndi anthu akuda adali ndi chuma chomasuka, chomwe angagwiritse ntchito mmene aonera, chochepa ndi 76 pa 100 poyerekeza ndi otsogozedwa ndi azungu.

Omenya nkhondoyi ali mkati

Apa m'pamene pali ntchito ya anthu omwe adasankha kulowa m'maofesi ogawa ndalama ncholinga chosintha kagawidwe. Zina mwa zomwe achita nzooneka.

Mu Febuluwale 2021 gulu la Donors of Color Network, la anthu opereka zachifundo omwe si azungu, lidaika pempho pamaso pa mabungwe 40 opereka kwambiri pa za nyengo ku America. Lidapempha zinthu ziwiri: aonetse poyera komwe ndalama zawo zimapita, ndiponso pasanathe zaka ziwiri, 30 pa 100 ya ndalama za nyengo izipita ku magulu otsogozedwa ndi anthu akuda, eni nthaka ndi ena omwe si azungu. Ena monga Kresge Foundation adavomera zonse, ena adavomera zoonetsa mabuku zokha, ena adangoti zii. Ngakhale kukhala chetekoko kudatiphunzitsa kanthu, chifukwa wosabisa kanthu saopa kutsekula buku.

Njira ina ndi ya matumba apakati, monga Hive Fund, The Solutions Project ndi Climate and Clean Energy Equity Fund. Awa amalandira ndalama zambiri kwa olemera nkumazigawa ku magulu ang'onoang'ono omwe amawadziwa bwino. Atatuwa adalandira madola 43 miliyoni lililonse pa ndalama za Bezos zija.

Njira yachitatu ndi kumasula chingwe. Ford Foundation, motsogozedwa ndi Darren Walker, mkulu wakuda yemwe adakhala pampando kuyambira 2013 mpaka 2025, idapatula madola 1 biliyoni a thandizo la zaka zisanu, lomwe bungwe lolandira lidali ndi ufulu woligwiritsa ntchito polimbitsa maziko ake. Mayi wina wachuma, MacKenzie Scott, pofika kumapeto kwa 2024 adali atagawa madola oposa 19 biliyoni pa ntchito zosiyanasiyana popanda kulamula olandirawo mmene azigwiritsire ntchito.

Palinso nkhani ya chuma chotsala chija, chomwe chimakhala chikuswana m'makampani. Sizimveka kupereka ndalama zolimbana ndi utsi pomwe phindu lako likuchokera ku kampani yofukiza utsiwo. Rockefeller Brothers Fund, yomwe chuma chake chidachokera ku mafuta, idalengeza mu 2014 kuti ikuchotsa ndalama zake m'makampani a malasha ndi mafuta, ndipo Ford Foundation idalengeza zofananazo mu 2021.

Komatu ntchito ya mkatiyi ili ndi msampha wake. Munthu wakuda akalembedwa ntchito m'ofesi yotere nkumaikidwa patsogolo pa zithunzi za lipoti la pachaka, pomwe mphamvu yosaina cheke ili kwa ena, ndiye kuti wasanduka duwa la patebulo. Malipiro ake ndi abwino, maulendo a pandege ndi ochuluka, ndipo nkosavuta kuiwala chomwe adalowera. Pomwe ntchitoyi yabala zipatso m'pomwe padali nambala yoti anthu akhoza kuwerenga ndi tsiku loti akhoza kufunsa.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo

Sindikufuna kukunamizani kuti aliyense wotsutsa maganizowa ndi watsankho. Ena amati mpweya ndi mpweya, choncho ndalama zipite komwe zingachepetse mpweya wambiri mwachangu, monga kwa akatswiri a sayansi ndi maloya omwe amasintha malamulo a dziko lonse. Mfundoyi ili ndi nzeru, ndipo palibe akuti mabungwe akuluakulu atsekedwe. Koma lamulo lopanda anthu olikhalira kumbuyo silikhalitsa. Boma likasintha, lamulo limafufutidwa ndi cholembera chimodzi, pomwe anthu oteteza mudzi wawo samuka. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ena amati magulu ang'onoang'ono amadya ndalama. Alipo odya, tisabisane. Koma kuba sikuyendera kukula kwa ofesi. Amalawife tikukumbukira kuti Cashgate ya mu 2013 idachitikira ku Capital Hill, komwe kudali makompyuta ndi akatswiri owerengera chuma, osati pansi pa mtengo wa mango. Mankhwala a kuba ndi kuchita zinthu poyera ndi kulipirira wosunga mabuku wabwino, osati kumana onse chifukwa cha mmodzi.

Mfundo yachitatu ndiyo yakula mphamvu ku America: akuti kuyang'ana mtundu pogawa thandizo nakonso ndi tsankho. Mu Juni 2023 khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo lidaletsa sukulu za ukachenjede kuganizira mtundu posankha ophunzira. Mu Sepitembala 2024 bungwe la Fearless Fund la ku Atlanta lidatseka ndondomeko yake yopereka madola 20,000 kwa amayi akuda a bizinesi, litakokeredwa kukhoti. Mu Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump adafafaniza lamulo lomwe Bill Clinton adasaina mu 1994 lolamula nthambi za boma kuganizira madera a anthu osauka ndi omwe si azungu pa nkhani za chilengedwe. Adathetsanso ndondomeko ya Joe Biden yoti 40 pa 100 ya phindu la ndalama zina za boma za nyengo lizifika ku madera otsalira.

Yankho langa ndi lakuti mafakitale aja sadamangidwe mwangozi pomwe ali, ndipo sasamuka chifukwa khoti laletsa kutchula khungu. Wogawa wofunadi chilungamo akhoza kufunsa kuti dera lopuma utsi wambiri ndi liti, lomira kawirikawiri ndi liti, ndipo gulu lotsogozedwa ndi anthu a komweko ndi liti. Akatsata mafunso amenewa moona mtima adzafika pa makomo omwewo. Ino ndiyo nthawi yoona yemwe adalonjeza mu 2020 chifukwa adali wotsimikiza, ndi yemwe adangotsata gulu.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Mzere womwe umalekanitsa St. James ndi madera a azungu ku America ndi womwewo ukulekanitsa maiko. Africa yonse imatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wosakwana 4 pa 100, koma taonani zomwe tikukolola. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu oposa 600 adamwalira, oposa 500 sadapezeke, ndipo oposa 650,000 adasowa pokhala. Katundu ndi chuma zomwe zidaonongeka zidapyola madola 500 miliyoni, ndalama zofanana ndi zomwe mabungwe asanu aja adalandira kwa munthu mmodzi tsiku limodzi. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi kaamba ka ng'amba.

Ngakhale zili choncho, mawu a munthu wa ku Africa amamveka movutikira. Mu Januwale 2020 ku Davos, m'dziko la Switzerland, mtsikana wa ku Uganda womenyera za nyengo, Vanessa Nakate, adajambulidwa pamodzi ndi Greta Thunberg ndi atsikana ena atatu achizungu. Kampani yofalitsa nkhani ya Associated Press idatulutsa chithunzicho itamudula iye yekha, ndipo pambuyo pake idapepesa. Zomwe zidachitika pa chithunzicho zimachitikanso pa ndalama.

Pamsonkhano wa za nyengo wa ku Glasgow mu 2021, maboma ndi mabungwe achifundo adalonjeza madola 1.7 biliyoni othandiza eni nthaka ndi anthu a m'midzi osamala nkhalango. Lipoti la operekawo lidavomera kuti chaka choyamba, 7 pa 100 yokha ndiyo idapita mwachindunji ku mabungwe a anthuwo. Zotsalazo zidadzera kwa amkhalapakati. Chaka chomwecho Bridgespan ndi African Philanthropy Forum adapeza kuti pa mphatso zikuluzikulu zochokera kwa opereka a kunja zogwirira ntchito muno mu Africa, mabungwe a eni ake a ku Africa amalandira 14 pa 100 yokha. Chochititsa manyazi nchakuti olemera a mu Africa momwemuno amapatsa mabungwe akwawo 9 pa 100 yokha ya mphatso zawo zikuluzikulu.

Kukhulupirira anthu nkotheka, ndipo tidaziona kwathu konkuno. Scotland, yomwe ku Glasgow idakhala boma loyamba kulonjeza ndalama zolipirira zomwe nyengo yaononga, idapereka ndalama kudzera ku bungwe la GiveDirectly kwa mabanja oposa 2,000 okhudzidwa ndi Freddy ku Nsanje. Banja lililonse lidalandira pafupifupi madola 750 nkusankha lokha chochita nazo, ndipo ambiri adamangira nyumba pamalo otetezeka. Luso nalonso lilipo. Mu 2021, chaka chomwe Sharon Lavigne adalandira mphotho ya Goldman ya za chilengedwe, Gloria Majiga-Kamoto wa kuno kwathu adalandiranso mphotho yomweyo kaamba kolimbana ndi mapulasitiki opyapyala. Ndipo poti boma la America lidatseka USAID mu 2025, maso a mabungwe ambiri tsopano ali pa matumba achifundowa. Kagawidwe kake nkofunika lero kuposa kale.

Khungu lokha si yankho

Tisanaloze chala ku New York, tidziyang'ane tokha. Ofesi ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre, yodzaza ndi anthu akuda okhaokha, ikhoza kuchitira mudzi wa ku Makhanga zomwezo zomwe ofesi ya ku America imaichitira iyo. Pulopozo imalembedwa m'tauni, dzina la mudzi nkuikidwamo mudziwo usakudziwa. Ndalama zikabwera, gawo lalikulu limathera pa galimoto, mafuta, maalawansi ndi misonkhano ya kunyanja, kumudzi nkufika mbande ndi malaya olembedwa uthenga. Ngati nkhondo yofuna chilungamo ithera pa kusintha mtundu wa bwana wokwera galimoto yoyera, mlimi wa ku Nsanje sadapindule kanthu.

Choncho mafunso omwe a Donors of Color Network adafunsa olemera a ku America ndi athunso. Polojekiti ikafika m'dera lanu, inu a komiti ya VDC ndi ADC, mafumu, a mipingo ndi mizikiti, amayi a banki mkhonde, funsani mwaulemu koma mosaopa. Ndalama zonse za polojekitiyi ndi zingati? Zofika m'mudzi muno ndi zingati? Ndani adasankha kuti vuto lathu lalikulu ndi ili osati lija? Ikatha zaka zake, chotsala m'manja mwathu nchiyani? Bungwe loyenda m'choonadi silikwiya ndi mafunso otere. Manambala amenewa akhoza kulembedwa m'Chichewa, m'Chisena kapena m'Chitumbuka nkukhomedwa pa ofesi ya khonsolo kapena pa chipupa cha sukulu, monga zimakhomedwera zotsatira za mayeso.

Kwa ana athu omwe apeza ntchito m'maofesi ogawa ndalama, kuno kapena kunja, tikuti gwirani ntchitoyo, ndi yofunika. Koma dziwani kuti mwakhala pa mpando womwe anthu a ku Warren County adagonera pamsewu kuti upezeke. Tsekulani mabuku. Perekani thandizo la zaka zingapo, lolola gulu kulipira lendi ndi wosunga mabuku. Landirani pempho lolembedwa m'chilankhulo cha wopempha. Ikani m'bodi anthu omwe nyumba zawo zidakokolokapo ndi madzi, ndipo akhale ndi voti, osati kungobwera kudzapereka umboni nkupatsidwa ya thiransipoti.

Kwa olemera a kwathu, omwe timawaona akupereka matumba a ufa pamaso pa atolankhani ngozi ikagwa, tikuti zikomo, koma ufa umatha sabata imodzi. Kagulu ka achinyamata kobzala nsungwi m'mbali mwa mtsinje, kapena komiti yochenjeza anthu madzi akamakwera, kakusowa ndalama zochepa koma zobwera chaka chilichonse. Sitingadandaule kuti azungu sakhulupirira mabungwe athu pomwe ife eni sitiwapatsa ndi tambala yomwe.

Ambiri mwa matumba achifundowa adadzaza ndi phindu la mafuta, galimoto ndi mafakitale, zomwe zatenthetsa dziko. Wolandirako gawo ku St. James kapena ku Nsanje asagwade mopitirira muyezo ngati wapatsidwa mphatso yosamuyenera. Athokoze monga mwa mwambo wathu, kenaka afunse kuti buku la ndalama lili kuti.